Mzere Wachiwiri pa Seva

Kachipinda ka seva, kompyuta yaikulu yosunga mafayilo a chipatala, kanali kozizira ngati firiji, koma mtsikana wa makompyuta, yemwe anzake ankamutcha Kamphepo chifukwa cha phuma, thukuta linali kamukamu. Laputopu imene analowera nayo mu seva m'mawa poyeserera ntchito anali ataikankhira pashelefu kumbuyo, n'kuponyapo mpango umene bwenzi lake linamugulira. Tsopano ankalemba pa seva penipenipo, abwana ataima pamsana pake.

Ntchito yake inali yochepa. Pulogalamu yosunga mbiri ya odwala imabwera ndi akaunti yakeyake, yotha kufufuta chilichonse. Iye ankangofunika kusintha pasiwedi ya akauntiyo n'kutseka khomo kuti wakunja asalowe.

Asanasinthe, anafunsa makinawo kuti muli ndani. Panatuluka mizere iwiri.

Woyamba anali iye. Wachiwiri anali atalowa pa akaunti yomweyo kuchokera pa kompyuta ina, ali phee.

"Ameneyu ndani?" anafunsa abwana, chala chili pagalasi.

Pasiwedi yakaleyo ankaidziwa anthu awiri okha: iyeyo ndi bwenzi lake lija limene linaiika, lomwe abwana omwewa analichotsa ntchito mwezi watha. Mnyamatayo anatuluka akulumbira kuti chipatala chino chidzamulira. Ndipo lero sanayankhe uthenga ngakhale umodzi.

"Iwe mtsikana, pakamwa pauma? Mafayilo a odwala akasowa, mlandu usenza ndiwe. Ndani?"

Kamphepo anakumbukira nyumba ya makatani achikasu imene awiriwo ankaimanga pakamwa akamaperekezana. Kenako anayang'ananso mzere uja. Ndiye kuti kumwetulira konse kuja, munthuyo ankanola mpeni?

"Ndi amene munawachotsa aja," anatero Kamphepo. "Palibenso wina."

"Ndinadziwa ine! Kamnyamata kaja n'kanjoka." Abwana anatulukira pakhomo foni ili kukhutu. "Halo, kupolisi?"

Kamphepo anapukuta misozi ndi mkono wa malaya. Anasintha pasiwedi zala zikuthamanga, kenako anamudula wolowererayo mwaukali, ngati akumenyetsa chitseko.

Mzere wachiwiri unazimiririka.

Nthawi yomweyo kumbuyo kwake china chake chinalira kuti tii. Anavundukula mpango uja. Laputopu yake inali yofunda, zenera limene analowera pa akaunti ija m'mawa likadali lotsegula, likumuuza kuti wangotulutsidwa kumene mu seva.

Panja, abwana anali atayamba kale kulongosola njira ya kunyumba kwa bwenzi lake.