Mwala wa Langford

Panali munthu wina kuseri kwa Kasisi, m'zaka zija tinkayenda wapansi mpaka ku Lusaka, dzina lake Langford. Anali kapitawo pa famu ya mzungu, ndipo anthu ankamutcha Mfumu chifukwa ankalamula ngati dziko analiumba yekha. Kuchenjera kwake kunali konyansa.

Pamwamba pa kaphiri panali kasupe wosaphwa ngakhale mu Okutobala. Midzi itatu inkamwa pamenepo. Pambali pake panali mwala waukulu pomwe eni dziko ankathira ufa ndi mowa kwa makolo awo, ndipo wosamalira malowo anali a Jonas.

Langford anafuna kukumba ngalande yopita ku dimba lake la kabichi, koma mwalawo unatseka njira. Anakwera phiri pepala lili m'manja.

"Ba Jonas, boma yalemba. Mwala uyu uchoke lelo."

A Jonas sankadziwa kuwerenga. Pepalalo linali la mankhwala a nkhupakupa! Munthu wamkulu kumunamiza choncho?

"Mwana wanga, mwala uli na eni ake. Usaugwire."

"Eni akewo abwele aniuze okha," anaseka Langford.

Anautokosa ndi chitsulo, unagubuduka mpaka kutsinde. Sabata isanathe kasupe anaphwa. Amayi anayamba kuyenda mtunda wautali, ana kumsana, kukatunga matope.

Kabichi atafota, Langford anachenjeranso. Anakweza mwala wina wofanana ndi uja pa chilei chokokedwa ndi ng'ombe, nakauika pakasupe, nathirapo ufa yekha. Madzi ngakhale dontho.

"Unanama kwa ine, manje ufuna kunamiza na akufa?" anatero a Jonas. "Bweza wamene uja, na manja yako."

Langford anayamba kuukankha kukwera phiri. Kuyambira m'mawa, mawondo ali magazi okhaokha. Akangotsala mapazi atatu kuti afike, mwala n'kumupulumuka, gubudu gubudu mpaka pansi. Mawa lake chimodzimodzi. Ntchito inamuthera. Mkazi wake Lister anamanga katundu kubwerera ku Petauke. Midzi ija inasamuka, a Jonas anaikidwa kuchilendo.

Amene anadutsako mu 1959 anamupeza Langford akadali pomwepo, tsitsi litayera, phewa lili pamwala. Ukamupatsa moni, osatembenuka n'komwe.

"Nasala pang'ono chabe," ankatero.

Phunziro: Ukhoza kupusitsa munthu wosawerenga, koma Mulungu ndi makolo sawerenga pepala lako, amawerenga mtima. Chimene wagwetsa ndi bodza tsiku limodzi udzachisenza moyo wako wonse. Ifikitseni nkhaniyi kwa anzanu, makamaka aja amadziyesa ochenjera kuposa mudzi wonse.