Mankhwala Owongola Mwezi

Apongozi anaika kapu patsogolo panga, n'kukhala pansi kuti aone ndikumwa.

"Imwa mwananga. Mizu imeneyi imawongola mwezi. Mwana wa achemwali anga anangolawa, pano akulera mapasa."

Madziwo anali akuda bii, timakungwa tikuyandama pamwamba. Ankanunkha ngati chikolopa chogonera m'ndowa. Anawabweretsa m'botolo la mafuta ophikira losatsuka bwino, moti mafutawo anakanirira m'mphepete mwa kapu.

Ndinainyamula, poti wamkulu sakanidwa.

"Mwezi wathawu unadumphanso, eti?" anatero. "Ndipo winawo unangodontha pang'ono, zakudazakuda, n'kusiya."

Zimenezo sindinauzeko ngakhale mayi anga ondibereka. Ndinanong'oneza munthu mmodzi yekha, kuchipinda, misozi ili m'masaya.

Amuna anga anali pampando wapakona, chala chikuyenda pa foni.

"Bambo, mwawauza zonse?"

"Si mayi anga kodi?" anayankha osadzutsa mutu. "Nawonso akufuna mdzukulu. Ngakhale anzanga kuntchito akuti mankhwala amenewa sanama."

"Akuntchitonso akudziwa?"

"Iwe tangomwa."

Ndinatseka maso n'kugugudiza kapu yonse, nsenga zomwe. Kuwawa kwake kunandikanda pakhosi, koma mankhwalawo anatsika n'kukhazikika bwinobwino. Apongozi anamwetulira, nayamba kuthira a mawa m'kapu ina.

Kenako amuna anga anadzuka, n'kubwera kudzandisisita paphewa.

"Waona? Sizinavute."

Dzanja lawo linali lofunda. Ndinalichotsa, n'kuthamangira kubafa nditagwira pakamwa.