Bambo Anayankha ndi Maso

"Bambo, ngati mukundimva, yang'anani kudenga," anatero dokotala wochita kafukufuku.

Chidwalireni sitiroko, bambowo anali asanalankhule kapena kugwedeza chala, ndipo achibale ankati sakumvanso kanthu. Njira yatsopanoyi, yoyeza odwala powafunsa kuti ayankhe ndi maso, inali isanaphulepo kanthu.

Akazi awo anagwiritsitsa chitsulo cha bedi.

Pang'onopang'ono, maso a bambowo anakwera.

"Mwina zangochitika, tiyesenso," anatero dokotala. "Yankho likakhala eya, yang'anani kudenga. Mayi ali apawa ndi alongo anu?"

Maso anangoti duu.

"Ndi akazi anu?"

Maso anakwera.

Mayiwo anaphulika kuseka, misozi ili chuchuchu. "Kani zonse ndakhala ndikukunenani panozi mumamva, abambo inu?"

Maso aja anathamangira kudenga.