Pepala la Nandolo

"Tawerenga, iwe wophunzira zamalamulo," anatero mayi ake a Dora, akumupatsa pepala la kampani yogula nandolo ku Namitambo. "Akuti tikagulitsa kwina atilanda munda. Tituluka bwanji?"

Dora atangoona mzere woyamba analizindikira pepalalo. Mgwirizanowu anaulemba yekha miyezi itatu yapitayo, akuphunzira malamulo a zamalonda kwa maloya a makampani ku Limbe. Tsiku limenelo abwana ake anamugwira chanza, amvekere apa mlimi alibe pothawira.

Anafunafuna mpata mpaka tsamba lomaliza, pomwe panali chidindo cha chala cha mayi ake.

"Palibe potulukira, amayi."

Mayiwo anapinda pepalalo bwinobwino.

"Amene analemba izi sukulu inamupindulira. Iwenso uzilimbikira, mwanawe, udzafike pamenepo."