Abale a Mayi Frauke

Nsomba yoyamba inawapeza malemu a Hinnerk pakhutu, ali pa sitima yawo akukulunga chingwe. Sanatembenuke n'komwe. Anangoitola n'kuinunkhiza.

"Yadzana iyi, mayi," anatero. "Mwamuna wanu wapaukwati mungamugende ndi nsomba yadzana?"

Doko lonse linafa nalo phwete. Ndi mmene zinkakhalira a Hinnerk akamanyamuka ndi mchere kupita ku Sweden. Akazi awo, a Frauke, ankatulukira ndi dengu la nsomba, kumbuyo kuli gulu la abale awo, azakhali, achemwali, asuweni, onse atafunda mashawelo akuda ngakhale dzuwa liswe mtengo. Mlandu unali umodzi womwewo. Ati a Hinnerk ali ndi chibwenzi kutsidya, ndipo nthawi zina amachibisa m'sitima momwemo.

Inali nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ija. Ayuda ankawavalitsa nyenyezi yachikasu pachifuwa, n'kumawakweza m'malole, osabwerako. Sitima iliyonse ankaisecha isananyamuke, ndipo kaputeni wopezeka ndi Myuda ankamunyonga. Wapolisi wakale ankasecha mothamanga kuti apeze pabwino poonerera ndewu. Koma tsiku limeneli kunabwera watsopano, Kröger, wa nsapato zonyezimira, wosaseka ndi munthu. Anabaya matumba a mchere ndi chitsulo, anagogoda makoma, anasuzumira mpaka mumphika wa khofi. Sanapeze kanthu. Ndiye anakaima pa thabwa lokwerera, miyendo tang'a.

"Ndamaliza kusecha. Palibenso wokwera."

A Hinnerk anavula chipewa. "Zikomo bwana, Mulungu akudalitseni. Musawalole ndithu. Mkazi akangoponda m'sitima, nyanja imakwiya. Funsani wamalinyero aliyense pano."

Amalinyero anavomereza ndi mitu. Mwambo umenewo anaupeza, ndipo ena analavulira m'madzi pongoumva.

"Mwamumva?" anatero a Frauke. "Nyanja imakwiyira ine ndekha, koma uja wopaka milomo imamusekerera. Mwana wanga, mwabaya mchere wosalakwa. Nanga pansi pa pilo mwaonapo?"

"Sindisecha mapilo, mayi."

"Simunakwatire inu, eti? Zikuoneka."

Anthu anasekanso, makutu a Kröger n'kufiira. A Hinnerk anayandikira, manja ali pamodzi ngati kutchalitchi.

"Bwana, chonde. Chaka chatha anakwera, tinataya nangula. Ndi tsoka lenileni."

Apa ndiye anamuponda pachilonda. Kröger anali wa anyamata aja ophunzitsidwa kuti dziko latsopano silimvera za makolo.

"Tsoka? Munthu wamkulu ngati inu? Zimenezo zinatha." Anapatuka pa thabwa paja. "Kwerani mayi, aone ngati sitimayi imire."

"Ndekha? Kuti andikankhire m'madzi? Ndikufuna mboni. Azakhali, tiyeni. Achemwali, gwirani dengu."

Anakwera onse piringupiringu, a Hinnerk akulira ngati mbuzi yopita kumsika. Pansi panamveka mapoto kugwa, zitseko kumenyeka, mawu a a Frauke pamwamba pa zonse. Kenaka a Frauke anatulukira, m'manja muli sokosi yachikazi yayitali, ya silika.

"Iyi ndi ya yani? Ya nangula?"

"Ndimasefera khofi, mayi."

Nsomba zinayamba kuuluka. A Hinnerk anathawira kuseri kwa Kröger, ndiye zambiri zinathera pa yunifolomu. Amayi aja anatsika akukuwa, akugenda, wina uku wina uko, mpaka anabalalikira m'tinjira ta kumsika. Kröger anatsala akuchotsa mamba pa nsapato, akutukwana chamumtima.

A Hinnerk anatunga madzi a m'nyanja, natsuka paliponse pamene panaponda mkazi, monga mwa mwambo. Anathira kamowa pang'ono kutsogolo kwa sitima, kotsalako anapatsa bwana kuti mtima utsike. Kenaka anamasula chingwe, uyo, wa ku Sweden.

Dzina lawo linaonongeka, osanama. Kutchalitchi anthu ankasuntha iwo akakhala pabenchi. Amayi ankauza ana awo aakazi kuti mukadzakwatiwa ndi wapanyanja mudzaona za a Frauke. A Hinnerk ankangoseka, kaliwo ali pakamwa, amvekere, "Nanga nditani, nkhope yangayi ndinaipempha?" Nkhope yake yotani, mphuno ngati mbatata.

Nkhondo itatha ndewu zinathanso. Anthu anati ukalamba wawaweta. Ankakhala awiriwo pakhonde, a Frauke akuwasokera mabatani, ndipo abale aja sanaonekenso.

Tawaika sabata yatha a Hinnerk, pambali pa akazi awo. Maliro ake anadabwitsa tauni yonse. Kunabwera nkhalamba zachikazi zochokera ku Sweden, ku Amereka, kwina sindikudziwa n'komwe, aliyense ndi kamwala koika pamanda. Wina pambali panga ananong'ona kuti, "Zibwenzi zija ndi zimenezi." Ndinaseka misozi ili m'maso, chifukwa eni ake akanakonda kumva zimenezo.

A Frauke anakulira kunyumba ya ana amasiye, analibe m'bale ngakhale mmodzi. Ankakwera amayi asanu ndi awiri, otsika n'kukhala asanu, awiri n'kutsala chobisala m'sitima, ndipo palibe mwamuna amene amawerenga amayi amene akumugenda ndi nsomba. Tsiku la Kröger lija, mchemwali wogwira dengu ndinali ine, nyenyezi yanga ili pansi pa shawelo.