Mabatani a Jekete ya Imre

Dorota ankasokerera mabatani okhala ndi chizindikiro cha chisoti chachifumu pa jekete ya yunifolomu ya mwana wake pamene mwamuna wake Vendelin analowa ali wefuwefu.

"Siyani zimenezo, amake mwana. Ufumu wa Austria ndi Hungary watha! Kusiteshoni kwadzaza asilikali a Chicheki, abale athu ife Asilovaki, akuti olankhula Chihangare onse ntchito yawathera."

"Ndiye ufumu umenewu sukanadikira mpaka mawa?" anatero Dorota osadzutsa mutu.

Mawa lakelo mnyamatayo amayenera kuyamba ntchito ya njanji. Kuyambira ali wamng'ono mayi ake ankamukwapula ndi mthiko akangolankhula Chisilovaki cha makolo awo, mpaka dzina lake la Imrich analisintha kukhala Imre, poti ntchito za boma zinkafuna Chihangare basi.

"Iwe Imre, mawa ukawauze kuti ndiwe Msilovaki weniweni," anatero Dorota.

Mnyamatayo anayankha m'Chihangare chosalala bwino. "Ndikawauze m'chilankhulo chiti, amayi? Si munachichotsa nokha ndi mthiko?"

Dorota anapumira m'mwamba, natenga sizasi n'kuyamba kudula mabatani aja limodzilimodzi.

"Bambo ake, tandipatsirani mthikowo. Iwe Imrich, khala apa tiyambirenso."