Voti Imodzi ya Ambulera

Chitulukireni zotsatira za chisankho cha makhansala, mutu woyamba kulowa m'nyumba yometera unali wa mwini nyumbayo. Aphunzitsi, omwe anapuma ntchito kalekale koma dzina linawakakamira, anakhala pampando n'kudzikulunga okha nsalu pakhosi.

"Ndevu zokha," anatero. "Tikatha tikambe za makiyi."

Wometa anangoti chabwino. Anapukuta galasi loyera kale, kenako n'kuyamba kupaka sopo. Benchi yodikirirapo, imene masiku onse inkalira ndi anthu otsutsana za mpira, inali itagwira fumbi kwa masiku anayi.

Tauniyi inadulidwa pakati ndi njanji. Kumtunda anthu amabadwa ali a chipani cha Makwerero, kumunsi amabadwa ali a chipani cha Ambulera. Mvula ivute bwanji, wakumtunda amalolera kunyowa mpaka kabudula wam'kati kusiyana n'kuti amuone atafunda ambulera. Mawodi asanu ndi awiri anapita uku, asanu ndi awiri uko, monga mwa nthawi zonse. Wodi yotsala ndi imene inatang'adza njanji, ndipo Ambulera inaitenga ndi voti imodzi yokha. Khonsolo yonse inapita nayo limodzi.

Chinapweteka kwambiri ndi pepala lomwe anamata pachitseko cha sukulu ya kumtunda, pomwe wometa ndi anansi ake anavotera. Makwerero 311, Ambulera 1. Ngakhale wothawa masamu anawerengera bwinobwino: voti imeneyo ikanagwera kwawo, bwenzi ovina ali a Makwerero. Choncho m'malo molira, anthu anayamba kusaka munthu.

Kusakako sikunatenge nthawi. M'dera lonselo munali munthu mmodzi wobadwira kumunsi, mkazi wa wometa. Lachitatu chidebe chake chinachotsedwa pamzere wa pampope. Lachinayi anyamata a chipani anakhala pakhonde lake tsiku lonse, akungosenda mzimbe. Wometa anaona mmene mkazi wake ankabisalira kuseri kwa katani, mimba ya miyezi isanu ndi iwiri ili patsogolo, ndipo mtima unamuwawa. Sanamufunse kalikonse. Afunsenso chiyani? Munthu sungamuchotse kwawo m'magazi, ndipo tsiku lovota mayiyo anatuluka m'kalasi muja maso ali pansi.

Lachisanu wometa anavala malaya a kutchalitchi n'kupita kukomiti ya chipani. Anaima pamaso pa anthu khumi ndi awiri n'kunena kuti voti ija inali yake. Ankaganiza kuti poti ndi mwana wa pomwepo, wometa mitu yawo chiyambire ali ana, amukalipira kenako n'kumusiya. Anaganiza molakwa. Atafika kunyumba mkazi wake anangolira kuti, "Mwachitiranji zimenezi, bambo a kunyumba?" Iye anamva ngati kulira kwa munthu wogwidwa, ndipo anamukhululukira chamumtima.

Tsopano lumo linkayenda pansi pa chibwano cha Aphunzitsi.

"Ine ndilibe nawe chifukwa, mwana wanga," anatero mkuluyo, akuyankhula ndi theka la pakamwa. "Bambo ako tinkakhala benchi imodzi. Koma komiti yandiuza kuti ndikakusunga, awotcha nyumbayi. Ndipange bwanji?"

"Mundipatseko miyezi iwiri, Aphunzitsi. Mayi achire kaye."

"Miyezi iwiri? Anthu aja sangandipatse ndi masiku awiri omwe."

"Nanga ndilowera kuti? Kumunsi akanditenga ngati kazitape. Kuno ndine wogulitsa."

"Zimenezo ukanaganiza uli m'kabokosi kovotera muja."

Wometa anafuna kunena zoona, zoti iye anachonga pa makwerero monga ankachitira bambo ake. Koma kunena zimenezo kunali kubwezera anyamata aja pakhonde la mkazi wake. Anatsuka lumo m'kabeseni. Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi anaima pa simenti imeneyi mpaka inakumbika malo a mapazi ake.

Aphunzitsi anadziyang'ana pagalasi, natembenuza tsaya lina. Kenako anayamba ulaliki.

"Vuto la inu ana a lero mulibe msana. Mkazi akakunong'oneza usiku umodzi basi, chipani cha makolo ako wataya. Ife a kale sitigwedezeka. Ine zisankho zonse zapitazi ndinkangochonga pa makwerero mwaulemu n'kutuluka. Koma ulendo uno anthu a kumunsi anandikwiyitsa ndi matukutuku awo. Ndinati lero aona."

"Ee," anatero wometa, maganizo ali pa mipando, galasi ndi makina, kuti zonsezi akaziika pati.

"Pa makwerero sindinavutike n'kuchongapo, aliyense akudziwa kuti ndine wa pamenepo. Ndinapita pa ambulera paja n'kupathetha. Mtanda waukulu, wodzaza bokosi lonse, ngati wa mwana wolephera mayeso. Zaka makumi atatu ndakhala ndikuthetha zolakwika, ndingalephere ambulera?"

Lumo linaima m'malere. Wometa anali pazenera la kalasi powerenga mavoti, ndipo anaona ndi maso ake pepala limodzi lija likukwezedwa m'mwamba, mtanda waukulu uli pa ambulera, wowerenga akufotokoza kuti chizindikiro chilichonse chokhala m'bokosi limodzi lokha chimawerengedwa ngati voti.

"Waimiranji?" anafunsa Aphunzitsi. "Malizitsa, komiti ikundidikira. Makiyi ubweretse Lolemba."